Injini ikakana kutuluka m'galimoto yakale: zofufuza musanawonjezere mphamvu

M'chigawo cha Tete magalimoto akale sanaleke kugwira ntchito. Ku Ulongwe, ku Tsangano ndi ku Furancungo mudzapezabe Land Rover Series III, imene inkapangidwa kuyambira 1971 mpaka 1985, Land Cruiser ya mtundu wa 40 imene inaleka kupangidwa ku Japan mu 1984, Peugeot 404 ndi 504, komanso timapikiapu ta Datsun 1200 ndi Nissan 1400, ndipo ambiri mwa magalimotowa amanyamulabe mbatatesi, chimanga ndi fodya. Galimoto yotere ikayamba kufuka utsi wabuluu, kumwa oyilo ndi kugogoda m'kati, nthawi yotsitsa injini kuti imangidwenso imakhala itakwana. Vuto limene limabwerezabwereza m'magalaja mwathu ndi lakuti mabawuti onse amaoneka kuti amasulidwa, tcheni chamangidwa, anyamata akukoka, koma injini siikusuntha, kapena yasuntha pang'ono n'kuimira pomwepo. Apa ndi pamene zitsulo zodula zimasweka, chifukwa wina amatenga chitsulo chochotsera matayala n'kuyamba kukanula. Injini imene yamasulidwa paliponse ndipo yapachikidwa bwino imasiyana ndi giyabokosi ndi mphamvu ya manja a anthu awiri okha. Ikakana, dziwani kuti pali chimene chikuigwira, ndipo ntchito yanu ndi kuchipeza chimenecho.

Chonyamulira ndi malo ogwirira ntchito

Nthawi zina vuto silili pa injini koma pa chonyamulira. Injini ya Land Rover ya malita 2.25 imalemera pafupifupi makilogalamu 200, ya Land Cruiser ya masilinda 6 imalemera kuposa pamenepo, ndipo mukaphatikizapo giyabokosi ndi transfer (bokosi la magiya logawa mphamvu ku matayala akutsogolo ndi akumbuyo) katunduyo amakula kwambiri. Chain block (chonyamulira cha tcheni chokoka ndi manja) ya tani imodzi imakwanira, koma pamene yapachikidwa payenera kukhala polimba mofanana. Ambiri amaipachika pa nthambi ya mango chifukwa pali mthunzi, koma ine sindivomereza zimenezi, pakuti nthambi imapindika pamene mukukoka, kotero simudziwa ngati injini ikukwera kapena nthambi ikutsika, ndipo ikamathyoka siichenjeza. Miyendo itatu ya mapaipi achitsulo okhuthala, kapena ya mitengo yabulugamu yolimba yopanda chiswe, yomangidwa bwino pamwamba ndiponso yolumikizidwa ndi tcheni m'munsi kuti isatanyuke, ndiyo yodalirika. M'nyengo yadzinja ku Angónia dothi limafewa, choncho mwendo uliwonse uime pa thabwa lokhuthala kuti usamire mbali imodzi injini ili m'malere.

Tcheni chimangidwe m'zokolekera zimene injini inabwera nazo. Ngati zinachotsedwa kale, gwiritsani mabawuti olimba olembedwa 8.8 pamutu, omangidwa mpaka kufika m'mabowo a buloko (thunthu la injini) kapena a mutu wa injini, osati pa manifodi (mapaipi olowetsa mpweya ndi otulutsa utsi pa mutu wa injini) kapena pa chogwirira olutaneta. Tcheni chachifupi chotambasuka kwambiri n'choopsa, chifukwa mbali ziwirizo zikatalikirana mpaka madigiri 120, mbali iliyonse imanyamula kulemera kwa injini yonse, ndipo bawuti imakokedwa cham'mbali mpaka kupindika.

Galimoto isakhale pa jeke yokha kapena pa njerwa, chifukwa njerwa yowotcha imaphwanyika mwadzidzidzi. Ikani zipika zamtengo wolimba kapena zoimikira zachitsulo pansi pa chasisi, ndipo tchingani matayala kutsogolo ndi kumbuyo. Mfundo iyi ndi yofunika kwambiri pa Land Rover ndi pa Land Cruiser zambiri za mtundu wa 40, chifukwa handibuleki yake imagwira kumbuyo kwa transfer osati pa matayala. Mukangomasula propshaft yakumbuyo, shafuti yopititsa mphamvu ku matayala akumbuyo, handibuleki ilibenso ntchito ngakhale itakokedwa mpaka kumapeto, ndipo galimoto ikhoza kugudubuzika munthu ali pansi pake. Batire ichotsedwe poyamba, kuyambira waya wopita ku chasisi. Pa magalimoto ambiri wayayo ndi wa negative, koma Land Rover zopangidwa chisanafike 1967 zinkabwera ndi positive ku chasisi, choncho muyang'ane musanamasule.

Ngati kutsogolo kwa galimoto kukukwera pamodzi ndi injini

Kukwera pang'ono sikulakwa, chifukwa masipuling'i amene anapanikizika ndi kulemera kwa injini amayamba kutambasuka. Koma ngati mwakoka masentimita angapo ndipo pakati pa labala wa mamauntini (pokhalira injini pa chasisi) ndi chitsulo chake sipakuoneka mpata, lekani kukoka, tsitsani pang'ono, ndipo tengani tochi muzungulire injini yonse kuyambira pamwamba mpaka pansi, mukugwira ndi dzanja paliponse pamene maso sakufika.

Zimene zimaiwalika zimakhala zomwezomwezo. Pali waya wokhuthala wolukidwa wochokera ku buloko kapena ku giyabokosi kupita ku chasisi, umene nthawi zambiri umakwiririka m'matope osakanikirana ndi oyilo mpaka kuoneka ngati mbali ya chasisi. Pali waya wa sitata, kapaipi kakang'ono kopita ku geji ya oyilo, mawaya a tchoko ndi a moto, mapaipi a hita opita m'kati mwa galimoto, paipi ya mafuta ndi inzake yobwezera dizilo ku thanki, komanso kachitsulo kogwira ekizozi ku giyabokosi. M'magalimoto amene adutsa m'manja mwa amakaniko ambiri mumakhalanso zinthu zimene sizili m'buku lililonse, monga waya womangira amene wina anagwirira paipi, kapena mauntini imene labala wake atatha inangowotchereredwa ku chasisi. Yotereyo iyenera kudulidwa ndi galayindala, pakuti palibe nati imene mungamasule. Nthawi zina nati ya mauntini yachoka ndithu, koma bawuti yake yakola m'bowo chifukwa injini ikukokedwa mopendekera, ndipo zikatero mungosuntha miyendo ya chonyamulira kuti tcheni chitsike molunjika pakati pa injini.

Rediyeta, fani ndi boneti zichotsedwe ngakhale zikuoneka kuti sizikutchinga. Musanamasule mahinjesi a boneti lembani mzere mozungulira pamene akhala kuti pobwezera musavutike. Rediyeta yamkuwa ya galimoto yakale siipezeka wamba, ndipo injini ikangogwedezeka kamodzi fani imaiboola.

Mabawuti a dzimbiri ndi mitu yobulungika

Apa ndi pamene pamapita nthawi yambiri, ndipo ndi pamene kufulumira kumawononga kwambiri. Chinthu choyamba kufufuza ndi chakuti sipanala imene mukugwiritsa ndi ya muyeso wa bawutiyo. Magalimoto ambiri a ku Japan ndi a ku France ali ndi mabawuti a mamilimita, koma Land Rover ya Series ili ndi mitundu yosakanikirana, ina ya mainchesi ya AF, ina ya Whitworth makamaka pa giyabokosi, ndipo ya mamilimita inayamba kulowa pa injini cha m'ma 1980. Manati a propshaft ndi a 9/16, kutanthauza mamilimita 14.3, choncho sipanala ya 14 siilowa ndipo ya 15 imaterereka n'kudya ngodya za nati. Bawuti ya theka la inchi ndi mamilimita 12.7, ndipo sipanala ya 13 imaoneka ngati yakwana, koma pa bawuti yolimba imabulungitsa mutu. Amene akufuna kusunga Land Rover kwa zaka zambiri agule masipanala ake enieni, chifukwa mtengo wake ndi wochepa poyerekeza ndi tsiku lathunthu loboola bawuti imodzi. Soketi ya ngodya 6 imagwira bwino kuposa ya ngodya 12.

Mabawuti a ekizozi ndi a manifodi ayambe kuthiridwa mafuta omasulira dzimbiri masiku awiri kapena atatu ntchito isanayambe, mutawapala kaye ndi bulashi yawaya. Ngati mafuta am'sitolo palibe, dizilo kapena palafini amathandiza ngakhale amachedwa kulowa. Ambiri amathira mafuta a mabuleki, ndipo amagwiradi ntchito, koma amasupula penti paliponse pamene adonthera. Pomasula, yambani mwamangitsa pang'ono kwambiri kuti dzimbiri lisweke, kenaka masulani kachigawo kochepa, bwezerani, thiraninso mafuta, n'kumapita chotero. Ngati bawuti imene inali yolimba yafewa mwadzidzidzi isanatuluke, ndiye kuti ikupotoka ndipo yatsala pang'ono kuduka, choncho lekerani pomwepo.

Moto umathandiza ngati mukuwotcha nati kuti ifufume, osati bawuti ya m'kati mwake, koma usayandikire paipi ya petulo, kabureta kapena thanki, imene pa Land Rover yaifupi ili pansi pa mpando. Bawuti ikadukira m'buloko, njira imene ndimaikhulupirira ndi yowotcherera nati pa chitsa chotsalacho, kudikira kuti chizizire pang'ono, kenaka kumasula modekha, chifukwa kutentha kwa kuwotchererako kumaswa dzimbiri la m'mazinga. Tizitsulo tolimba tozulira mabawuti oduka timathyokera m'kati kawirikawiri, ndipo tikathyoka palibe choboolera wamba chimene chingatiboole.

Kutsitsa zonse pamodzi kapena kulekanitsa

Magalimoto ena amakakamira chifukwa chakuti mwasankha njira imene sanapangidwire. Pa Datsun 1200 ndi Nissan 1400 injini ndi giyabokosi zimatuluka pamodzi bwinobwino mukachotsa ndodo ya magiya, waya wa sipidomita, propshaft ndi chitsulo chopingasa chogwira giyabokosi, malinga mutapendeketsa kutsogolo m'mwamba ndiponso mutakhuthula oyilo wa m'giyabokosi, amene apo ayi amatayikira kumchira. Pa Land Rover ya Series njira ndi ina, chifukwa chitsulo chopingasa cha pansi pa giyabokosi n'chowotcherera ku chasisi pa magalimoto ambiri, kotero injini imatulukira kutsogolo payokha, ndipo giyabokosi ndi transfer zimatulukira m'kati mwa galimoto, pakhomo, mutachotsa mipando, bokosi la pansi pa mipando ndi malata apansi. Amene amayesa kuitsitsira pansi amataya tsiku pachabe, ndipo ena amafika podula chasisi, chimene ndi kuwononga galimoto. Pa Peugeot 404 ndi 504 za saluni propshaft imayenda m'kati mwa paipi yaikulu yomangidwa kumchira wa giyabokosi, choncho n'kosavuta kutulutsa injini yokha poyamba, giyabokosi itachirikizidwa, kenaka n'kumasula paipiyo. Injini za Peugeot zimenezi zinagonekedwa chopendekera mbali imodzi, ndipo tcheni chimangidwe kuti zinyamuke zili chipendekere momwemo.

Mpata waoneka koma injini siikusiyana ndi giyabokosi

Ili ndilo vuto lalikulu, ndipo zifukwa zake ziyenera kufufuzidwa motsatana, kuyambira chophweka. Choyamba ndi bawuti yobisika. Mabawuti awiri apamwamba pa bellhousing, chigoba chokuta kilatchi chija, amakhala mopanikizika pafupi ndi khoma la pakati pa injini ndi mipando, ndipo ena amalowa kuchokera kutsogolo pamene anzake amalowa kuchokera kumbuyo. Pa magalimoto ambiri mabawuti a sitata amadutsanso m'chigobacho, ndipo m'munsi mumakhala kalata kotchinga fumbi kokhala ndi timabawuti take. Kuti mudziwe pamene pagwira, yang'anani mpata mozungulira. Ngati watseguka mbali imodzi koma mbali ina watsekeka kotheratu, chogwiracho chili kumbali yotsekekayo. Tsukani matope onse ndi palafini ndipo werengani mabowo, osati mabawuti amene muli nawo m'manja.

Chachiwiri ndi kulemera kogwera pa shafuti. Shafuti ya giyabokosi imalowa pakati pa mbale ya kilatchi mpaka m'kabering'i kakang'ono ka kumapeto kwa crankshaft, shafuti yaikulu ya injini, ndipo imatuluka pokhapokha injini ndi giyabokosi zili pa mzere umodzi. Ngati giyabokosi ilibe chochirikiza kutsogolo, kapena tcheni chakweza injini mopitirira, shafutiyo imapanika ndipo palibe mphamvu imene ingaitulutse popanda kupinda mbale kapena kuwononga bering'i. Chizindikiro chake ndi mpata waukulu pamwamba ndi waung'ono pansi, kapena mosemphanitsa. Ikani jeke ndi kathabwa pansi pa giyabokosi, kwezani kapena tsitsani pang'onopang'ono mpaka mpata ufanane mozungulira, kenaka gwedezani injini kumanja ndi kumanzere mukuikokera kutsogolo. Nthawi zambiri imatuluka pomwepo, ndipo ndi chifukwa chake ndimati musanaganize za dzimbiri muyambe mwawongola mzere.

Chachitatu ndi timisomali tiwiri tolunjikitsa chigoba ndi buloko. Pamene chitsulo chakumana ndi aluminiyamu kwa zaka makumi angapo pamachita dzimbiri loyera limene limagwira kwambiri, makamaka m'galimoto imene yakhala ikuwoloka mitsinje ndi kuyenda m'matope. Thirani mafuta pa timisomalito, menyani chigoba pafupi napo ndi hamala yalabala kapena kudzera pa kamtengo, ndipo khomani timphano tamatabwa mbali zonse ziwiri mofanana, pang'ono uku pang'ono uko. Tchizulo ndi chitsulo cha matayala zisalowe pamenepo, chifukwa aluminiyamu yakale imang'aluka, ndipo chigoba china mungachifune mpaka ku Beira, ku Blantyre kudzera pa Zóbuè kapena ku Harare kudzera pa Cuchamano, osachipeza msanga.

Chachinayi chimachitika m'galimoto imene yakhala zaka itaimikidwa pabwalo. Mbale ya kilatchi imachita dzimbiri pa mano a shafuti, ndipo chizindikiro chake n'chakuti injini imasuntha sentimita imodzi kapena awiri n'kubwerera yokha ngati ikukokedwa ndi sipuling'i. Zikatero musakoke, chifukwa mukukoka shafuti ya giyabokosi pamodzi ndi bering'i yake. Poperani mafuta pa manowo kudzera pa bowo la foloko ya kilatchi kapena pa bowo la sitata, popeza mbaleyo idzasinthidwa ndithu, dikirani usiku umodzi, ndipo kankhani injini kumbuyo ndi kutsogolo mobwerezabwereza. Zikakanika, ndipo ngati bowo likulola sipanala, masulani mabawuti a pressure plate, chitsulo chopanikiza mbale ya kilatchi, imodziimodzi mukuzunguza injini ndi dzanja, kuti kilatchi yonse itsalire pa shafuti injini ikamatuluka. Fumbi la m'chigobamo musaliuzire ndi mphepo ya kompuresa kapena ndi pakamwa, pakuti mbale zakale zinkapangidwa ndi asbestos amene amawononga mapapo. Linyowetseni n'kulipukuta ndi nsanza.

Ngati galimoto ndi ya otomatiki, monga Mercedes-Benz W123 zina, torque converter, imene imagwira ntchito ya kilatchi, iyenera kumasulidwa ku mbale ya kumbuyo kwa injini injini isanakokedwe, ndipo itsalire m'giyabokosi. Ikatuluka ndi injini imawononga pampu ya giyabokosi ndi silo yotchinga oyilo, ndipo oyilo amakhuthukira pansi. Vuto limakula injini ikakhala yogwira, yosazungulira, chifukwa mabawutiwo amafikika pozunguza. Pamenepo thirani dizilo m'masilinda masiku angapo, ndipo zikakanika chotsani sampu, beseni la oyilo la pansi pa injini, mumasule mabering'i kuti crankshaft izungulire.

Injini yasiyana koma ikukola potuluka

Kawirikawiri sampu imagunda chitsulo chopingasa kapena ndodo za chiwongolero, kapena puli yakutsogolo imagunda chitsulo cha rediyeta. Injini iyenera kupita kutsogolo mokwanira kuti shafuti ituluke yonse isanayambe kukwera, kenaka ikwere kutsogolo kutatsogola. Pa Land Rover ndi Land Cruiser kuchotsa chitsulo chonse chakumaso kumatenga nthawi yochepa ndipo kumachepetsa msinkhu umene injini iyenera kukwera. Ngati tcheni chafika pamapeto sampu isanadutse, musawonjezere zipika pansi pa miyendo ya chonyamulira katundu ali m'mwamba, koma tsitsani galimotoyo pophwetsa matayala akutsogolo. Popeza miyendo itatu siiyenda, galimoto ndiyo imakankhidwira kumbuyo, choncho ikhale itatsitsidwa kale pa zipika zija ndipo njira yake ikhale itakonzedwa kale. Munthu mmodzi yekha ndiye azilamula, wina azikoka tcheni, wina aziwongolera injini ataigwira pamwamba, ndipo dzanja lisalowe pansi pake kapena pakati pa injini ndi chasisi. Mumzinda wa Tete ndi ku Moatize, kumene mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40, gawo limeneli lichitike m'mawa, chifukwa masana manja amaterera ndi thukuta ndipo anthu otopa amafuna kumaliza mofulumira.

Injini ikafika pansi

Isakhazikidwe ndi kulemera konse pa sampu, chifukwa sampu ikaphwanyikira m'kati imatseka sefa yokokera oyilo, ndipo injini yomangidwa kumene ikhoza kugwira pa ulendo woyamba. Ikhale pa tayala lakale ndi zipika m'mbali, kapena pa kabenchi kamatabwa kogwira m'mphepete mwa buloko. Mabowo onse atsekedwe ndi nsanza zoyera tsiku lomwelo, makamaka mapaipi a pampu ya dizilo, chifukwa fumbi la chilimwe limalowa paliponse ndipo mavu amamanga zisa zadothi m'mapaipi otseguka. Mabawuti a malo amodzi akhale m'jumbo lawo lolembedwa, popeza a pa chigoba cha kilatchi sakhala otalika mofanana, ndipo zithunzi za pafoni zojambulidwa mawaya asanamasulidwe zidzakuthandizani pakadutsa miyezi mukudikira zipangizo. Oyilo wakuda asungidwe m'chigubu osati kutayidwa pafupi ndi chitsime, ndipo madzi a m'rediyeta okhala ndi mankhwala asasiyidwe m'beseni, pakuti amatsekemera ndipo amapha agalu ndi mbuzi.

Musanatumize buloko kwa akatswiri okulitsa masilinda, lembani nambala ya injini ndipo muiyerekeze ndi imene ili mu livrete, chikalata cha boma cha galimotoyo. Ngati buloko yapezeka yong'aluka ndipo mwaganiza zoikamo ina, sungani lisiti la kumene mwaigula, makamaka ngati yadutsa pa chipata cha m'malire cha Calomue kapena cha Zóbuè, ndipo pitani ku INATRO, bungwe la boma loona za magalimoto apamsewu, kuti nambala yatsopano ilowe m'mapepala galimoto isanabwerere pamsewu. Ngati muli ndi giyabokosi ina yowonongeka ya mtundu womwewo, musataye shafuti yake yakutsogolo, chifukwa ndiyo idzalunjikitse mbale ya kilatchi pakati tsiku lobwezera injini. Tsiku limenelo chigoba chiyenera kukumana ndi buloko pokankha ndi manja, mabawuti asanamangidwe, ndipo ngati patsala mpata wa chala chimodzi, muzunguze crankshaft pang'ono giya ili m'kati kuti mano alumane, osati kutseka mpatawo pomangitsa mabawuti.